Momwe mungalembere drafti ya protocol ndi kuiyendetsa ku IETF mpaka ifike pokhala RFC

Alipo ambiri odziwa za netiweki amene amaona vuto pa DNS (imene imasandutsa mayina kukhala maadiresi a makina), pa imelo kapena pa BGP (imene manetiweki amauzirana nayo njira), n'kupeza njira yolithetsera, n'kukhala pansi kulemba drafti yokongola ya protocol, kutanthauza malamulo a momwe makina amalankhulirana, n'kuitumiza ku IETF, bungwe lokonza miyezo ya intaneti limene zikalata zake zomalizidwa zimatchedwa RFC. Kenako zii. Palibe woyankha. Pakatha masiku 185 drafti ija imatha mphamvu, mwini wake n'kumati anthu a kumeneko ndi odzikonda. Nthawi zambiri ganizo lija silikhala loipa ayi. Cholakwika chimakhala chakuti munthu wabwera ndi mankhwala pamene anzake sanavomereze kuti pali matenda. Kulemba ndi gawo laling'ono la ntchitoyi. Gawo lalikulu ndi kuyankha okutsutsani, mmodzimmodzi, kwa miyezi kapena zaka.

## Zofunika kukhala nazo

- Akaunti ya pa datatracker.ietf.org. Ndi yaulere. IETF ilibe umembala, ndipo aliyense amalankhula m'dzina lake, osati la kampani kapena la dziko lake.
- Adiresi ya imelo imene mudzakhala nayo kwa zaka zambiri. Ya kuntchito imatha tsiku limene mwasiya ntchito.
- Chida cholembera: xml2rfc, kapena kramdown-rfc ngati mumakonda kulemba mu Markdown. Ngati simukufuna kuika chilichonse pa kompyuta yanu, tsamba la author-tools.ietf.org limagwira ntchito yomweyo.
- Git ndi akaunti ya GitHub, chifukwa magulu ambiri amakonzera madrafti awo kumeneko.
- Wireshark kapena tcpdump, yoonera zimene zikudutsadi pa waya.
- Ma RFC awa muwawerenge musanalembe: 2119 ndi 8174, 3552, 8126, komanso 7282.
- Munthu mmodzi wodziwa kulemba mapulogalamu amene sanamvepo ganizo lanu. Mudzaona ntchito yake pa sitepe 5.

Zonse zimachitika m'Chingerezi, koma musaope. Ambiri mwa anthu a kumeneko Chingerezi si chinenero chawo chobadwa nacho, ndipo ziganizo zazifupi zomveka zimapambana mawu akuluakulu.

## Musanalembe

1. Lembani vutolo m'ndime imodzi, osatchula yankho lanu. Ndani akuvutika, zimachitika liti, ndipo akutaya chiyani? Ngati simungathe kufotokoza vuto popanda kutchula protocol yanu yatsopano, ndiye kuti simunalimvetse. Onjezanipo umboni wa pa netiweki yeniyeni: mapaketi amene munawajambula, nthawi imene munayeza, chiwerengero cha maulendo amene kulumikizana kunalephera.

*Chenjezo:* mawu akuti "zingakhale bwino kukanakhala" sasuntha munthu. Oyendetsa manetiweki amasintha zinthu pokhapokha pamene zikuwapweteka.

2. Fufuzani ngati wina anayesapo kale. Safunsa anadya phula. Sakani pa Datatracker, kuphatikizapo madrafti amene anatha mphamvu, ndi pa mailarchive.ietf.org pamene pamasungidwa makalata onse a zokambirana. Kawirikawiri mudzapeza kuti ganizo longa lanu linabwerapo zaka khumi zapitazo, ndipo wina anafotokoza bwinobwino chifukwa chake silingayende. Chifukwa chimenecho ndicho mudzafunsidwe tsiku loyamba, choncho konzekerani kunena chimene chasintha kuchokera nthawi imeneyo.

3. Pezani gulu loyenera, n'kuyamba mwamvetsera. Ntchito ya IETF imagawidwa m'magulu otchedwa working group. Za kayendetsedwe ka DNS zili ku DNSOP, za HTTP ku HTTPBIS, za BGP ku IDR, za TLS (yobisa uthenga pa intaneti) ku TLS. Gulu lililonse lili ndi charter, chikalata chonena zimene gululo laloledwa kugwira. Ganizo limene lili kunja kwa charter apampando a gululo sangalilandire ngakhale atalikonda chotani. Ngati simukuona pamene ganizo lanu likukwanira, pali magulu olozera njira monga DISPATCH, amene ntchito yawo ndi kumva maganizo atsopano n'kunena kumene apite.

Lembetsani ku mndandanda wa maimelo wa gululo ndipo muwerenge kwa milungu ingapo. Muona amene mawu awo amalemera, ndi nkhani zimene zinatsekedwa kale. Chinthu chimodzi chimene ndimalimbikitsa aliyense: musanatumize drafti yanu, werengani ya munthu wina n'kumutumizira ndemanga zothandiza. Owerenga madrafti ndi osowa kwambiri kuposa olemba, ndipo amene mwamuthandiza lero ndi amene adzawerenge yanu mawa.

*Chenjezo:* werengani Note Well, chikalata chachifupi chokumbutsa malamulo a otenga mbali. Chilichonse chimene mwalemba kapena kunena m'zokambirana za IETF chili pansi pa BCP 78 ndi BCP 79, malamulo a IETF okhudza umwini wa zolemba ndi ma patent. Ngati inu kapena abwana anu muli ndi patent yokhudza zimene mukupereka, muyenera kuulula msanga. Kubisa, n'kudzadziwika pambuyo, kumapha drafti ndi mbiri yanu yomwe.

## Kulemba drafti

4. Lembani, ndipo samalani ndi mawu atatu. Dzina la fayilo limatsata dongosolo ili: draft-dzinalanu-gulu-mutu-00, zonse m'zilembo zazing'ono, ndipo nambala ya kumapetoyo imakwera (-01, -02) nthawi iliyonse mukatulutsa drafti yokonzedwa. Musayambe ndi draft-ietf, chifukwa dzina limenelo ndi la madrafti amene gulu lawalandira kale. Payenera kukhala Abstract yaifupi yoima payokha, Introduction, thupi la protocol, Security Considerations, IANA Considerations (IANA ndi bungwe losunga ndi kugawa manambala a ma protocol), ndi maumboni ogawidwa pawiri: Normative, amene munthu sangapange protocol yanu asanawawerenge, ndi Informative, ongothandiza kumvetsa.

Tsopano mawu atatu aja. RFC 2119, imene Scott Bradner analemba mu 1997, inapereka tanthauzo lapadera ku MUST, SHOULD ndi MAY. MUST ndi lamulo losakambirana. MAY ndi kufuna kwa wopanga pulogalamu, koma pulogalamu imene yasankha kuchita ndi imene yasankha kusachita ziyenera kumvanabe. Pa SHOULD ndi pamene ambiri amagwera. Satanthauza "ndikanakonda". Amatanthauza kuti pangakhale chifukwa chomveka chosachitira, koma wosachitayo ayenera kudziwa bwino zotsatira zake. Choncho paliponse pamene mwalemba SHOULD, onjezani chiganizo chonena nthawi imene munthu angapatuke. Mukalephera kupeza nthawi yoteroyo, ndiye kuti mawu oyenera ndi MUST. RFC 8174 ya mu 2017 inaonjezera kuti tanthauzo lapaderali limagwira pokhapokha mawuwo alembedwa m'zilembo zazikulu, ndipo pali ndime ya BCP 14 (dzina la ma RFC awiriwa pamodzi) imene muyenera kuikopera mu drafti yanu osasintha kanthu.

Musawaze MUST paliponse ngati mchere. Ndi wa pamalo pamene mapulogalamu awiri sangamvane popanda iye, kapena pamene kusamvera kungawononge netiweki ya ena.

Pa zitsanzo gwiritsani ntchito maadiresi amene anapatulidwira ntchito imeneyi: 192.0.2.0/24, 198.51.100.0/24 ndi 203.0.113.0/24 pa IPv4, 2001:db8::/32 pa IPv6, ndi example.com pa mayina. Anthu amakopera zitsanzo n'kuziika m'makina enieni, ndipo adiresi ya seva yanu ikalowa mu RFC simudzaichotsanso.

Gawo la Security Considerations musalembe kuti palibe nkhawa iliyonse. RFC 3552 imati muganize kuti mdani ali ndi mphamvu pafupifupi zonse pa njira imene uthenga ukudutsa: angawerenge, angasinthe, angabwereze paketi yakale, angadzinamize kuti ndi mnzanu. Nenani chimene chingachitike pa chilichonse mwa izi, ndi zimene protocol yanu siiteteza. Kuyambira mu 2014, RFC 7258 inagamula kuti kuzonda anthu mwachisawawa pa intaneti ndi chiwembu, motero mudzafunsidwanso zimene munthu wongoonerera pakati angadziwe za ogwiritsa ntchito. Ngati protocol yanu ikuyenda pa UDP, werengani RFC 8085, chifukwa funso la momwe idzachepetsere liwiro netiweki ikadzaza silidzalephera kubwera.

Gawo la IANA likhalepo ngakhale simukupempha kanthu, mungonena kuti palibe chopempha. Ngati mukufuna nambala ya port kapena nambala ina iliyonse, lembani TBD1, TBD2 m'malo mwa nambalayo mpaka IANA idzaipereke. Musadzisankhire nambala imene ikuoneka kuti ilibe mwini.

5. Perekani drafti kwa mnzanu uja, apange pulogalamu, inu muli chete. Sitepe iyi ambiri amaidumpha, koma kwa ine ndi yofunika kuposa onse. Inu mupange pulogalamu yanu, iye apange yake pongowerenga zimene mwalemba, osakufunsani kanthu. Kenako muzilumikize.

Ine ndinachitapo zimenezi ndi mnzanga wina pa kachikalata kanga ka masamba ochepa. Uthenga uliwonse unkayamba ndi mutu wa ma byte 4, ndipo awiri mwa ma byte amenewo ankanena kutalika. Pulogalamu yanga inkawerengera mutu womwe pa kutalikako, yake inkawerengera zotsatira mutu zokha. Paketi yoyamba inkaoneka ngati yadutsa, yachiwiri n'kusokonekeratu. Tinakhala madzulo onse tikuloza manambala pa Wireshark, iye akuti "Achimwene, apa mwalemba kutalika kwa uthenga, simunanene kuti uthenga ukuyambira pati." Ankanena zoona. M'mutu mwanga zinali zodziwikiratu, koma pa pepala panalibe. Chiganizo chimodzi chinakonza zonse, ndipo sindikanachiona ndekha ngakhale nditawerenga kakhumi.

Funso lililonse limene mnzanuyo walakalaka kukufunsani ndi dzenje mu drafti. Onani makamaka izi: pulogalamu ichite chiyani ikalandira gawo limene siikulidziwa, idikire nthawi yaitali bwanji, ndipo mtundu wachiwiri wa protocol udzamvana bwanji ndi woyamba. Mukatha, lembani gawo la Implementation Status monga RFC 7942 ikulangizira, lonena mapulogalamu amene alipo ndi zimene anayesa.

6. Yesani ndi idnits, kenako tumizani. Chida cha idnits chili pa author-tools ndipo chimagwira zolakwika za kaonekedwe: mizere yopitirira zilembo 72, maumboni a RFC zimene zinalowedwa m'malo, ndime zofunika zimene zasowa. Tumizani fayilo ya XML pa tsamba la Submit la Datatracker. Palibe amene amaisefa, imatuluka nthawi yomweyo, ndipo kutuluka kwakeko sikutanthauza kuti IETF yavomereza chilichonse.

*Chenjezo:* IETF imakumana katatu pa chaka, kawirikawiri mu March, July ndi November, ndipo khomo lotumizira madrafti limatsekedwa pafupifupi milungu iwiri msonkhano usanayambe. Nthawi yake ndi 23:59 UTC, imene kwa ali ku Malawi, Zambia kapena Mozambique ndi 01:59 usiku wolowera tsiku lotsatira. Musadikire ola lomaliza, poti magetsi kapena netiweki zikhoza kukuthawani.

## Mkangano weniweni

7. Lengezani ku gulu ndi kalata yaifupi. Ndime imodzi ya vuto, ndime imodzi ya njira yanu, linki ya drafti, ndi mafunso awiri kapena atatu olunjika. "Mukuganiza bwanji?" sapeza yankho. "Kodi pali amene amaona vutoli pa netiweki yake?" amapeza. Ngati patha milungu iwiri kuli chete, lemberani mwaulemu anthu awiri kapena atatu amene munawaona akulankhula za nkhani yofanana.

8. Pemphani mphindi zochepa pa msonkhano. Lemberani apampando nthawi ikadalipo. Simuyenera kukwera ndege: misonkhano yonse imaulutsidwa pa intaneti kudzera pa chida chotchedwa Meetecho, mukhoza kulowa pamzere wa olankhula muli kwanu, ndipo amene sangakwanitse kulipira angapemphe kuti achotseredwe malipiro a kutenga mbali ali kutali. Mukapatsidwa mphindi 10, lankhulani 4, zotsalazo musiyire mafunso. Musawerenge drafti pamaso pa anthu. Loweruka ndi Lamlungu msonkhano usanayambe kumakhala Hackathon, malo abwino koposa oyeserapo pulogalamu yanu ndi ya anthu ena.

9. Yankhani chotsutsa chilichonse. Apa ndi pamene pagona nkhani. Mu 1992 David Clark ananena mawu amene IETF imayendera mpaka lero, akuti iwo amakana mafumu, mapulezidenti ndi kuvota, ndipo amakhulupirira rough consensus (mgwirizano wa gulu ngakhale si onse avomera) ndi pulogalamu imene ikuyenda. Ambiri amamva ngati rough consensus ndi kuchuluka kwa manja. Si choncho. RFC 7282, imene Pete Resnick analemba mu 2014, imafotokoza kuti mgwirizanowu umakhalapo pamene nkhawa iliyonse yamvedwa ndi kuyankhidwa, ngakhale mwini nkhawayo sanakhutire. Imanenanso kuti anthu 100 akhoza kuvomereza, asanu n'kukana, koma mgwirizano osakhalapo, ngati asanuwo anena vuto lenileni limene palibe waliyankha. Zili ngati pabwalo pamene mkulu woweruza sawerenga kuti abale a uyu abwera angati, amamvetsera ngati mfundo yayankhidwa. Mukamva apampando akupempha anthu kung'ung'uza kapena kukweza manja pa Meetecho, akungofuna kudziwa kumene mphepo ikulowera. Chigamulo chimakatsimikizidwa pa maimelo.

Choncho chitani motere. Sungani mndandanda wa zotsutsa zonse, mu GitHub kapena mu drafti momwemo. Pa chilichonse, yambani ndi kubwereza nkhawayo m'mawu anu n'kufunsa ngati mwamva bwino, chifukwa mikangano yambiri imakhala ya anthu awiri olankhula zinthu zosiyana. Kenako sankhani chimodzi mwa zitatu: kusintha drafti, kufotokoza ndi umboni chifukwa chake simusintha, kapena kuvomera kuti ndi malire a protocol yanu n'kuwalemba poyera. Wina akati chiganizo chakuti sichikumveka, m'pempheni alembe mawu amene akufuna. Kumeneko anthu amakonda kuika mawu akale pansi pa OLD ndi atsopano pansi pa NEW, ndipo zimafupikitsa mkangano kwambiri.

Ena amalemba mosapsatira, moti kwa ife amene tinaleredwa kuti munthu amayamba ndi moni, kalata yongoti "izi sizingagwire ntchito" imabaya. Musayankhe tsiku lomwelo. Yang'anani mfundo ya ukatswiri imene ili m'katimo, muyankhe imeneyo yokha. Ngati wina wafika potukwana, imeneyo ndi ntchito ya apampando, ndipo RFC 7154 ilipo yonena za khalidwe.

Ndipo lolani kuti umboni ukugonjetseni. TLS 1.3 inali itatsala pang'ono kutha pamene opanga mabrawuza anaiyesa pa intaneti yeniyeni mu 2017 n'kupeza kuti zida zina zapakati pa netiweki zinkadula kulumikizana chifukwa sizinkazindikira mauthenga atsopanowo. Pa pepala zonse zinali bwino. Gulu linabwerera n'kusintha maonekedwe a mauthenga kuti azifanana ndi a TLS 1.2, ndipo RFC 8446 inatuluka mu August 2018, drafti itafika pa -28. Drafti ya protocol ina yotchedwa QUIC inafika pa -34 isanakhale RFC 9000 mu May 2021. Ngati yanu ili pa -03 ndipo anthu akuikanganirabe, ili moyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

10. Pemphani kuti gulu liilandire. Mukaona kuti anthu angapo akuwerenga ndipo ena akufuna kupanga mapulogalamu, pemphani apampando aitane call for adoption, kumene ndi kufunsa gulu ngati likufuna kutenga drafti ngati ntchito yake. Ikadutsa, dzina limasintha kukhala draft-ietf-gulu-mutu-00.

*Chenjezo:* kuyambira tsiku limenelo drafti si yanunso. Ndi ya gulu, inu ndinu mlembi wake. Gulu likagwirizana kuchotsa gawo limene mumalikonda, mumalichotsa. Kulowetsa zosintha zazikulu mwakachetechete ndi njira yachangu yochotsedwera pa ulembi.

## Njira yotsala

11. Apampando amaitana Working Group Last Call, nthawi yoti gulu lipereke ndemanga zomaliza, kawirikawiri ya milungu iwiri. Kenako document shepherd, munthu wosankhidwa kuperekeza drafti, amalemba lipoti, Area Director, amene amayang'anira magulu angapo, amawerenga, n'kubwera IETF Last Call, yofunsa IETF yonse, ya milungu iwiri, kapena inayi ngati drafti sinadzere m'gulu. Nthawi imeneyi mumalandira ndemanga za owerenga a chitetezo, a kayendetsedwe ka netiweki ndi ena. Ayankheni onse.

12. IESG, komiti ya ma Area Director onse, imapereka maganizo ake. Area Director mmodzi akaika DISCUSS, drafti imaima mpaka nkhawa yake itathetsedwa. Muyankheni msanga, ndipo mum'patse mawu enieni amene mukufuna kusintha.

13. RFC Editor amakonza chinenero, kenako pa AUTH48 alembi onse amawerenga komaliza n'kuvomereza. Werengani chilembo chilichonse, makamaka zitsanzo ndi manambala. RFC ikatuluka siisinthidwanso, cholakwika chimangolembedwa pambali ngati errata.

## Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Kutcha drafti muyezo. Kulemba pa CV kapena pa malonda kuti "muyezo wa IETF" pamene ndi drafti ya munthu mmodzi kumakuchotserani ulemu. Ngakhale RFC si zonse zili miyezo: zina ndi Informational, zina Experimental.

Kuitana anzanu kuti adzalembe +1. Anthu khumi osadziwika amene atulukira tsiku limodzi n'kuvomereza popanda chifukwa sawonjezera kanthu, ndipo apampando amaziona. Munthu mmodzi wonena kuti wayesa pa netiweki yake ndipo wapeza zakutizakuti amalemera kuposa onsewo.

Kumalizira nkhani m'khonde kapena pa GitHub pokha. Mukagwirizana ndi wotsutsa wanu pa kapu ya tiyi kapena m'kalata ya awiri, bweretsani zimene mwagwirizanazo ku gulu lonse kuti ena aone ndi kuyankhapo.

Kubwereza mfundo imodzimodzi apampando atagamula. Ngati muli ndi umboni watsopano, ubweretseni. Ngati mukuona kuti ndondomeko inaphwanyidwa, RFC 2026 ili ndi njira ya apilo: kwa apampando, kwa Area Director, ku IESG, kenako ku komiti ina yotchedwa IAB, ndipo muyenera kuyamba pasanathe miyezi iwiri chigamulo chidziwikire.

Kufuna kugwetsa zonse n'kumanga zatsopano. Drafti yolowa m'malo mwa DNS yonse kapena IP yonse siipita patali, chifukwa palibe tsiku limene makina onse a padziko adzasinthire limodzi. Sonyezani kuti woyamba kugwiritsa ntchito njira yanu apindula chiyani pamene anzake onse akadali pa yakale.

Kudzaza mayina a alembi. Tsamba loyamba la RFC limalola mayina asanu, pokhapokha patakhala chifukwa chapadera. Ena aikeni pa Contributors kapena Acknowledgements, ndipo musaike dzina la munthu musanamufunse. Pa AUTH48 mlembi mmodzi wosayankha maimelo amaimitsa onse.

Kusiya drafti ife pa -00. Mukalandira ndemanga, tulutsani -01 pasanathe mwezi umodzi kapena iwiri, ndipo kumapeto kwake muike kagawo konena zimene zasintha ndi amene anazipempha. Mukatumiza, lemberaninso gulu, muike linki ya diff, yoonetsa kusiyana kwa drafti yakale ndi yatsopano, imene Datatracker imapanga yokha, n'kutchula nkhawa zimene mwatseka ndi zimene zikadali zotsegula.